Mpeni wosachita dzimbiri: kusiyana kwa 420, X50CrMoV15, 14C28N, N690, VG-10 ndi M390

Mayi wina amene amaphika ndi kugulitsa chakudya mumzinda wa Zomba wafunsa funso ili. Mipeni yonse imene amagula pamsika imakhala yolembedwa kuti stainless, koma imabuntha asanamalize n'komwe kudula nyama, nsomba ndi anyezi za tsiku limodzi, pamene mpeni wawo wakale, wosulidwa kuchokera ku sipuling'i ya galimoto, umachita dzimbiri akangousiya wonyowa koma umakhalabe wakuthwa kwa masiku angapo. Mchimwene wawo amene ali ku Johannesburg wawalonjeza kuwagulira mpeni wabwino, ndipo wawatumizira mayina a zitsulo amene wawaona m'masitolo, omwe ndi 420, X50CrMoV15, 14C28N, 440C, N690, VG-10, S35VN ndi M390, mitengo yake ili yosiyana kwambiri. Akufuna kudziwa ngati chitsulo chodula kwambiri ndicho chabwino koposa, ndiponso kuti pa ntchito yawo asankhe chiti.

Mayi, ndiyambe ndi kukuuzani maganizo anga, kenako ndifotokoze zifukwa zake. Pa ntchito yanu, mpeni wa 14C28N kapena wa X50CrMoV15 wopangidwa ndi kampani yodziwika udzakuthandizani kuposa mpeni wa M390, ngakhale kuti wa M390 mtengo wake ungathe kupitirira wa enawo kangapo. Sindikunena kuti M390 ndi chitsulo choipa, ayi, koma chinapangidwira mavuto amene inu mulibe, ndipo chimafuna chonolera chimene mwina mulibenso.

Mawu akuti stainless amangotanthauza kuti m'chitsulomo anasakanizamo kromiyamu wosachepera 10.5 peresenti. Kromiyamuyo akakumana ndi mpweya amapanga kachikopa kopyapyala kosaoneka ndi maso pamwamba pa chitsulo, kamene kamatchinga madzi kuti asafike pa chitsulo chenichenicho, ndipo kachikopako kakakandika kamadzibwezeretsa kokha. Harry Brearley wa mumzinda wa Sheffield ku England ndiye amadziwika kuti anapanga chitsulo choterechi mu 1913, ndipo ntchito yoyamba imene chinatchuka nayo inali mipeni ya patebulo. Choncho mawuwo amanena za dzimbiri lokha, sanena chilichonse za kuthwa. Masipuni ndi mapoto abwino amapangidwa ndi chitsulo chotchedwa 304, kapena 18/8, chimene chili ndi kromiyamu 18 peresenti ndi nikelo 8 peresenti, ndipo pa nkhani ya dzimbiri chimaposa pafupifupi zitsulo zonse za mipeni, koma sichingaumitsidwe ndi moto, motero mpeni wopangidwa nacho sungasunge kuthwa ngakhale pang'ono.

Chimene chimaumitsa chitsulo ndi kaboni. Chitsulo chikatenthedwa kwambiri n'kuziziritsidwa mofulumira, kaboni amatsekeredwa mkati mwake ndipo chimauma. Kuuma kumeneku amakuyeza pokanikiza nsonga ya dayamondi pa chitsulocho ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 150 n'kuona kuti yalowa mozama bwanji, ndipo zotsatira zake zimalembedwa ndi nambala yotsatiridwa ndi zilembo za HRC; nambalayo ikakula, ndiye kuti chitsulocho n'chouma kwambiri. Mipeni yambiri yotchipa imapangidwa ndi 420J2 kapena 3Cr13, zitsulo za m'gulu la 420 limene mchimwene wanu watchula, zimene zili ndi kaboni pafupifupi 0.3 peresenti ndi kromiyamu 13 peresenti, ndipo kuuma kwake kumathera pakati pa 52 ndi 55 HRC, mwinanso kutsikirapo ngati wopangayo sanasamale. Chitsulo cha sipuling'i ya galimoto kawirikawiri chimakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, ndipo mmisiri wodziwa kusula akachiumitsa bwino chimaposa mipeni ya pamsika ija. Apa ndiye pagona yankho la zimene mwaona kukhitchini kwanu. Mpeni wofewa subuntha chifukwa chakuti wadyeka, koma chifukwa chakuti mbali yake yakuthwa, imene ndi yopyapyala kuposa tsitsi, imapindikira pambali ikangogunda thabwa kapena fupa.

Munthu angaganize kuti njira yake ndi yapafupi, kungowonjezera kaboni ndi kromiyamu yemwe kuti chitsulo chiume komanso chisachite dzimbiri. Vuto ndi lakuti ziwirizi zimakondana. Kaboni akachuluka amagwirana ndi kromiyamu n'kupanga timiyala touma kwambiri mkati mwa chitsulo, timene timatchedwa makabaidi, ndipo kromiyamu amene wamangidwa m'timiyalamo sagwiranso ntchito yoteteza dzimbiri. Kromiyamu wotsala womasuka yekhayo ndiye amapanga kachikopa kaja. Chitsanzo chabwino ndi D2, chitsulo chimene chili ndi kromiyamu 12 peresenti, wochuluka kuposa mlingo wa 10.5 uja, koma chimachita dzimbiri ndithu chifukwa kaboni wake, amene ndi 1.5 peresenti, amamanga gawo lalikulu la kromiyamuyo. N'chifukwa chake kuwerenga mlingo wa kromiyamu wokha pa bokosi la mpeni sikuthandiza kwenikweni.

Timiyala timeneti tiyenera kutimvetsa bwino, chifukwa kusiyana konse kwa zitsulo zimene mchimwene wanu watchula kwagona pa kuchuluka kwake, kukula kwake ndi kuuma kwake. Taganizirani za konkire, mmene miyala imakhalira mkati mwa simenti. Miyalayo imathandiza kuti konkire isadyeke msanga anthu akamapondapo, koma mutati muumbe konkireyo kuti ithere mopyapyala ngati lezala, miyala ikuluikulu ingasowe pogwira, ingamagwe n'kusiya mapanga. Mpeni umachitanso chimodzimodzi. Makabaidi ambiri amachedwetsa kudyeka kwa chitsulo podula zinthu zokhakhala monga makatoni, zingwe za khonje kapena chikopa chokhala ndi mchenga, koma amachepetsa kupirira kwake, kutanthauza kuti mbali yakuthwa imabenthuka mosavuta ikagunda chinthu cholimba, ndiponso amavutitsa ponola. Kuuma, kusadyeka, kupirira ndi kusachita dzimbiri ndi zinthu zinayi zosiyana, ndipo wopanga chitsulo akakweza chimodzi, nthawi zambiri china chimatsika.

Za 420J2 ndi 3Cr13 ndanena kale, ndipo ubwino wake ndi wakuti sizichita dzimbiri msanga, sizithyoka msanga, komanso zimanoleka pa mwala uliwonse. Pa mpeni umene muugwire tsiku lonse, musalole kuti mchimwene wanu awonongerepo ndalama.

X50CrMoV15 ndi chitsulo chimene makampani a ku Solingen ku Germany, monga Wüsthof ndi Zwilling, akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri pa mipeni ya kukhitchini, ndipo nthawi zina chimalembedwa ndi nambala yakuti 1.4116. Dzinalo limafotokoza lokha zimene zilimo: 50 akuimira kaboni 0.5 peresenti, 15 akuimira kromiyamu 15 peresenti, ndipo Mo ndi V akusonyeza kuti mulinso molibidenamu ndi vanadiyamu pang'ono. Amachiumitsa pakati pa 56 ndi 58 HRC. Anthu okonda mipeni yodula amachinyoza kuti n'chofewa, koma ine ndimachilemekeza kwambiri, chifukwa anachisankha anthu amene ankadziwa mmene khitchini yotanganidwa imakhalira, kumene mpeni umagwa pansi, umagunda fupa la nkhuku, umasiyidwa ndi madzi a tomato, ndipo umagwiridwa ndi anthu angapo osiyana kasamalidwe. Mbali yake yakuthwa ikakumana ndi fupa imapindika m'malo mobenthuka, ndipo chopindikacho chimawongoka mukangochipititsa kangapo pa chitsulo chonolera chija chimene a butchala amagwiritsa ntchito. Kampani ya Victorinox ya ku Switzerland imagwiritsa ntchito chitsulo chofanana nacho kwambiri, pa kuuma kwa pafupifupi 56 HRC, ndipo mipeni yake imapezeka m'mabutchala ndi m'mahotela m'mayiko ambiri pa chifukwa chomwechi. Chofooka chake n'chakuti mudzafunika kuuwongola pa chitsulo chonolera kangapo pa tsiku, ndi kuunola pa mwala mwina kamodzi pa sabata ngati ntchito ili yambiri.

Zitsulo za ku Sweden ndi zimene ndimazikonda koposa pa ntchito ngati yanu, ndipo ndifotokoza chifukwa chake mofatsa. AEB-L cha kampani ya Uddeholm chili ndi kaboni 0.67 peresenti ndi kromiyamu 13 peresenti, ndipo anachipangira malezala ometera ndevu. 12C27 cha kampani ya Sandvik, imene gawo lake lopanga zitsulo likutchedwa Alleima kuyambira mu 2022, chili ndi kaboni 0.6 ndi kromiyamu 13.5, ndipo chimadziwika kwambiri kudzera pa mipeni yotchipa koma yodalirika ya kampani ya Morakniv. 14C28N ndi mbale wamng'ono wa 12C27, wokhala ndi kaboni 0.62, kromiyamu 14 ndi naitrojeni 0.11 peresenti. Mukayang'ana manambalawa sakusiyana kwambiri ndi a X50CrMoV15, koma anayezedwa mosamala kuti chitsulo chikatenthedwa, kaboni wambiri alowe m'thupi la chitsulocho n'kuchiumitsa, m'malo motsalira m'timiyala tikulutikulu. Timiyala totsalato timakhala tating'ono kwambiri, pafupifupi maikiloni imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), pamene tsitsi la munthu limakhala lokhuthala maikiloni 50 mpaka 100. Naitrojeni wa mu 14C28N amathandiza kuumitsa chitsulo monga mmene kaboni amachitira, koma salanda kromiyamu wochuluka ngati mmene kaboni amachitira, choncho dzimbiri limachepanso. Zotsatira zake ndi chitsulo chimene chimatha kufika 59 mpaka 61 HRC, chosabenthuka msanga ngakhale chili chouma chotero, chololera kunoledwa mopyapyala ngati lezala, ndiponso chomvera mwala wamba. Podula nyama yopanda fupa, nsomba, tomato, anyezi ndi masamba, zinthu zimene sizidya chitsulo kwenikweni, chofunika kwambiri ndi mbali yakuthwa yopyapyala imene sipindika ndiponso sibenthuka, ndipo zitsulo zimenezi zinapangidwira zomwezo.

Gulu lotsatira ndi la 440C, N690 ndi VG-10, zonse zokhala ndi kaboni pafupifupi 1 peresenti. 440C chili ndi kromiyamu 16 mpaka 18 peresenti, ndipo kwa zaka zambiri chinali chitsulo chapamwamba cha mipeni ku America. Samalani ndi mpeni wolembedwa 440 yekha popanda chilembo, chifukwa nthawi zambiri umakhala wa 440A, chimene kaboni wake ndi 0.6 mpaka 0.75 peresenti, ndipo wopanga amene wagwiritsadi ntchito 440C salephera kulemba C uja. N690 cha kampani ya Böhler ya ku Austria chimafanana ndi 440C, koma anawonjezeramo kobalti 1.5 peresenti ndi molibidenamu woposa 1 peresenti, ndipo amisiri ambiri osula mipeni ku South Africa amachigwiritsa ntchito, choncho mchimwene wanu adzachipeza mosavuta. VG-10 cha kampani ya Takefu ya ku Japan chili ndi kromiyamu 15, molibidenamu 1 ndi kobalti 1.5 peresenti, ndipo amachiumitsa pa 60 kapena 61 HRC. Zitatuzi zimasunga kuthwa nthawi yaitali kuposa za ku Germany ndi za ku Sweden podula zinthu zokhakhala, chifukwa makabaidi ake ndi ambiri, koma makabaidiwo ndi aakulu, ena opitirira maikiloni 10, ndipo apa ndi pamene chitsanzo cha konkire chija chimaonekera. Mipeni ya ku Japan ya VG-10 imakhalanso yopyapyala mwadala, ndipo imadula masamba ndi mnofu wa nsomba mokoma kwambiri, koma mukaimenyetsa pa msana wa chambo chachikulu, pa fupa la mbuzi kapena pa nyama youma ndi chisanu cha mufiriji, imabenthuka timano ting'onoting'ono timene timatenga nthawi yaitali kuti tithe pa mwala. Pa zitatuzi, N690 choumitsidwa pa 58 kapena 59 HRC ndicho chingapirire khitchini yanu.

S35VN ndi M390 zimapangidwa m'njira ina. Chitsulo chosungunuka amachipopera ndi mpweya wa naitrojeni kuti chisanduke timadontho timene timauma nthawi yomweyo n'kukhala ufa, kenako ufawo amaupanikiza pa kutentha kwakukulu mpaka ugwirane n'kukhala chitsulo chimodzi. Popeza kadontho kalikonse kamazizira mofulumira, makabaidi sapeza nthawi yokula, choncho amakhala ambiri koma aang'ono ndi omwazikana mofanana. Kampani ya Crucible ya ku America inatulutsa S30V mu 2001 mothandizana ndi Chris Reeve, mmisiri wa mipeni amene anabadwira ku Durban, ndipo S35VN, chimene chili ndi kaboni 1.4, kromiyamu 14, vanadiyamu 3 ndi naiyobiyamu 0.5 peresenti, chinatsatira mu 2009. M390 cha Böhler chili ndi kaboni 1.9, kromiyamu 20 ndi vanadiyamu 4 peresenti. Pa kusadyeka, zitsulo zimenezi zimaposa zonse zimene ndatchula pamwambapa, ndipo munthu amene amadula makatoni kapena zingwe tsiku lonse angaone phindu lake. Koma makabaidi a vanadiyamu ndi ouma kuposa mchenga umene uli m'miyala yambiri yonolera ya m'masitolo, osanenanso za mwala wa kumtsinje kapena tupa, ndipo amafuna chonolera cha dayamondi. Mpeni uliwonse umabuntha tsiku lina, ndipo wa M390 ukabuntha m'manja mwa munthu wopanda chonolera choyenera, umakhala pashelefu pamene wotchipa uja ukupitiriza ntchito.

Pali chitsulo china chimene sichili pa mndandanda wanu koma chimatsimikizira bwino zimene ndanena za kromiyamu. MagnaCut, chimene katswiri wa zitsulo Larrin Thomas anakonza ndipo chinatuluka mu 2021, chili ndi kromiyamu 10.7 peresenti yekha, wochepa kuposa wa D2, komabe chimalimbana ndi dzimbiri kuposa 440C chimene chili ndi 17. Chinsinsi chake n'chakuti kaboni wotsala amagwirana ndi vanadiyamu ndi naiyobiyamu, n'kusiya kromiyamu yense ali womasuka.

Mayina a zitsulo za ku China amawerengeka mosavuta mukadziwa njira yake. Nambala yoyamba ndi kaboni ndipo yachiwiri ndi kromiyamu, motero 5Cr15MoV ndi kaboni 0.5 ndi kromiyamu 15, mofanana ndi X50CrMoV15, pamene 8Cr13MoV ndi kaboni 0.8 ndi kromiyamu 13, pafupi ndi AUS-8 cha ku Japan. Mchimwene wanu asasokoneze 3Cr13 ndi 3CR12, dzina limene angalimve kawirikawiri ku South Africa, chifukwa 3CR12 ndi chitsulo cha kaboni wochepetsetsa chopangira matanki, ngolo za sitima ndi zomangira, osati mipeni.

Zonsezi zikunena za zosakaniza, koma zosakaniza ndi theka chabe la nkhani. Chitsulo cha mpeni chosachita dzimbiri chiyenera kutenthedwa kufika pafupifupi madigiri 1050, kusungidwa pamenepo kwa mphindi zowerengeka, kuziziritsidwa mofulumira, kenako kufunditsidwanso pa madigiri 150 mpaka 200 kuti chisakhale chophwanyika ngati galasi, ndipo opanga ena amachiviika mu naitrojeni wamadzi wozizira madigiri 196 pansi pa ziro asanachifunditse. Kulakwitsa ndi madigiri makumi ochepa chabe kumasintha kuuma, kupirira ndi dzimbiri lomwe, ndipo n'chifukwa chake mmisiri wa pachipala cha makala, amene amayeza kutentha ndi maso, amachita bwino ndi sipuling'i koma sangathe kuumitsa bwino zitsulo zimenezi. Kampani ya Buck ya ku America imagwiritsa ntchito 420HC, chitsulo wamba cha kaboni pafupifupi 0.45 peresenti, koma imachiumitsa mosamala mpaka 58 HRC, ndipo mipeni yake imaposa ina yambiri ya mayina akuluakulu a zitsulo imene inaumitsidwa mosasamala. Ndiyenso dzina la chitsulo ndi losavuta kudinda pa mpeni wachinyengo, choncho mpeni wolembedwa M390 kapena VG-10 umene ukugulitsidwa pa mtengo wa mpeni wa pamsika muukayikire.

Kuuma kumene wopanga anavutikira kungathenso kuwonongeka pa mphindi imodzi. Mukapereka mpeni wanu kwa onola a galayinda youma, mbali yopyapyala ija imatentha kupitirira madigiri 200 aja mwamsanga, ndipo mukaona mtundu wachikasu kapena wabuluu pamenepo, dziwani kuti chitsulo chafewa ndipo chidzabuntha msanga mpaka gawo lopsalo litatha. Nolani pa mwala wothira madzi, mutapendeketsa mpeni pa madigiri 15 mpaka 20 mbali iliyonse, 15 pa mpeni wa masamba ndi mnofu, 20 pa umene umakumana ndi timafupa. Dulirani pa thabwa kapena pa pulasitiki, osati pa mbale yadothi, pa galasi, pa simenti kapena m'poto, chifukwa zimenezo zimabunthitsa chitsulo chilichonse, ngakhale M390.

Pa nkhani ya dzimbiri, zonse zimene mwatchula zidzakukwanirani ngati mutsuka mpeni ndi kuupukuta mukamaliza ntchito. Mdani wamkulu wa kachikopa ka kromiyamu ndi mchere ndi mankhwala a klorini oyeretsera, zimene zimaboola timabowo ting'onoting'ono pa chitsulo, makamaka pa mbali yakuthwa, motero musaviike mpeni m'madzi a mchere kapena a mankhwalawo usiku wonse, ndipo musausiye ndi madzi a mandimu kapena a tomato mpaka aumirepo.

Mchimwene wanuyo mumuuze kuti ndalama za mpeni umodzi wa M390 azigawe patatu. Agule mpeni wophikira wotalika masentimita 20, wopyapyala, wa 14C28N kapena AEB-L pa 59 mpaka 61 HRC, ndipo ukasowa atenge wa X50CrMoV15 kapena wa Victorinox. Agulenso mpeni wokhuthala wotchipa, kapena kankhwangwa ka a butchala, kothyolera mafupa ndi mitu ya nsomba, chifukwa pa ntchito imeneyo chitsulo chofewa cha 420 ndicho choyenera. Zotsalazo agulire mwala wonolera wa mbali ziwiri, ina yokhakhala ya nambala 400 yokonzera pobenthuka, ina yosalala ya nambala 1000 yomalizira, pamodzi ndi chitsulo chonolera chosalala. Asanalipire afunse wogulitsa kuti kuuma kwa mpeniwo ndi HRC zingati, ndipo ngati nambalayo sinalembedwe pa bokosi kapena pa tsamba la kampaniyo, ayang'ane mpeni wina.